Wogula Sitolo ndi Ulendo wa ku Kaundula wa za Malo

Mwezi wa Julaye ukafika, pamene cimanga, nshawa, soya ndi thonje zagulitsidwa, ndalama zimayamba kuyenda m'maboma a Cigawo ca Kum'mawa. Ndiyo nyengo imene mlimi amene wasunga phindu la zaka zingapo amayamba kuyang'ana masitolo a m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, pa Katete, pa Sinda, pa Petauke kapena pa Nyimba, nalingalira kuti naye akhale ndi khomo lace la malonda. Mwini sitolo akapezeka, amagwirizana mtengo. Amaitana mboni ziwiri, kulemba mau pa pepala long'amba m'kope la mwana wa sukulu, kuwerenga ndalama, ndipo makiyi amasintha manja. Madzulo ace abale amabwera kudzathokoza, ndipo onse amayesa kuti nkhani yatha.

Koma ku Unduna wa za Malo sadziwa kanthu za tsiku limenelo. M'buku lao dzina la mwini wakale likali pomwepo, ndipo malinga ngati lili pomwepo iye angathe kukongola ndalama ku banki poika sitoloyo cikole, angathe kuigulitsanso kwa munthu wina, ndipo akamwalira ana ace adzaiwerengera pamodzi ndi cuma ca masiye. Wogula uja adzatsala ndi pepala lace la m'kope, ndi mlandu wautali ku khoti.

MWINI NTHAKA NDANI?

Kuti njira yolembetsera imveke bwino, nkoyenera kuyamba ndi funso limene ambiri salifunsa. Lamulo la za malo la caka ca 1995, lochedwa Lands Act, limanena kuti nthaka yonse ya m'Zambia ili m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko, amene amaisunga m'malo mwa anthu a dziko lino. Motero munthu amene ali ndi cikalata ca umwini, cimene anthu amangoti taitolo, ali ngati wobwereka kwa Boma, kawirikawiri kwa zaka 99, ndipo caka ndi caka amalipira lendi ya nthakayo. Pamene agulitsa sitolo, amapereka kwa wogula nyumbayo pamodzi ndi zaka zimene zatsala pa pangano lace ndi Boma. Ngati pangano linayamba mu 1990, lidzatha mu 2089, ngakhale sitoloyo itapita m'manja mwa anthu asanu. Zaka zikatha, lamulo limalola kuti panganolo lionjezedwe kwa munthu amene wasunga zimene analonjeza.

Zimenezi zinacokera kutali. Pa 30 Juni 1975 Dr Kenneth Kaunda analankhula ku msonkhano waukulu wa cipani ca UNIP, nadzudzula kwambiri anthu amene anali kulemera pogulitsa nthaka yopanda kanthu m'mizinda pa mitengo yoopsa. Caka comweco kunabwera lamulo limene linathetsa umwini wamuyaya wa nthaka, ndipo onse amene anali nao anasanduka obwereka kwa zaka 100 kuyambira pa 1 Julaye 1975. Nthawi imeneyo nthaka payokha inayesedwa yopanda mtengo. Munthu anali kuloledwa kugulitsa zimene anamangapo kapena kubzalapo zokha, ndipo Boma linali ndi mphamvu yoika malire a mtengo. Lamulo la 1995 linacotsa zambiri mwa izi, nthaka inakhalanso ndi mtengo wace pa msika, koma cinthu cimodzi cinatsala: palibe angagulitse malo a taitolo popanda cilolezo ca Mtsogoleri wa Dziko.

KUFUFUZA NDALAMA ISANATULUKE

Nchito yoyamba ya wogula wanzeru ndiyo kufufuza m'kaundula. Amapempha wogulitsa kuti amuonetse taitolo, nalemba nambala ya puloti, ndipo ndi nambala imeneyo amapempha Unduna wa za Malo kuti umupatse mbiri ya malowo. Kaundula wamkulu ali ku Lusaka, wina ali ku Ndola, ndipo ku Chipata kuli ofesi ya za malo ya cigawo kumene munthu angayambe kufunsa. Kuyambira mu 2023 Unduna unasamutsira nchito zace zambiri pa makina a kompyuta ochedwa ZILAS, kotero kuti kufufuza ndi kulipira kumacitikira pa intaneti. Kwa wa kumudzi amene alibe lamya yamakono, kapena amene kwao netiweki imapezeka pa culu cokha, kusintha kumeneku kwabweretsa mtolo wina, pakuti ayenera kupeza munthu wokhulupirika womuthandiza. Koma ndalama ya kufufuza ndi yaing'ono poyerekeza ndi mtengo wa sitolo, ndipo pa ndalama zonse za ulendowu ndiyo imene imagula zambiri.

Pepala limene limatuluka limaonetsa dzina la mwini, kukula kwa malo, zaka za pangano, ndi zonse zimene zinalembedwa pa malowo. Ngati mwini anakongola ndalama ku banki, cikoleco cimaoneka. Ngati pali munthu wina amene anaika ciletso, cimene maloya amati caveat, ponena kuti naye ali ndi gawo pa malowo, cimaonekanso, ndipo ciletso cikakhalapo malo sangasinthe dzina kufikira citacotsedwa. Wogulitsa amene anena kuti taitolo inasowa ayenera kufunsidwa bwino, cifukwa kawirikawiri taitolo "yosowa" imakhala ili m'kabati ya banki. Ngati inasowadi, pali njira ya lamulo yopezera ina, ndipo nchito imeneyo ndi ya wogulitsa.

Dzina la pa taitolo liyenera kufanana ndi la pa citupa ca munthu amene akulandira ndalama. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, makamaka pa masitolo a masiye. Bambo akamwalira wosasiya wilo, lamulo la 1989 limagawa cuma cace motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Munthu amene khoti lamuika kuyang'anira cumaco amangosungira anzace, ndipo lamulo lomwelo limafuna kuti apeze cilolezo ca khoti asanagulitse katundu wa masiye. Mwana woyamba kapena mlongo wa malemu angabwere ndi makiyi ndi mau okoma, koma ngati alibe mapepala a khoti, ana ang'ono aja akadzakula angathe kukasumira wogula, ndipo makhoti athetsapo malonda otere. Ngati mwini sitolo ndi kampani, wogula amafufuzanso ku PACRA kuti adziwe eni ace ndi amene ali ndi mphamvu yosaina.

Kufufuza kwina kumacitika ndi mapazi. Taitolo ya zaka 99 imakhala ndi mapu ojambulidwa ndi wopima malo wovomerezeka, nabvomerezedwa ndi ofesi ya mkulu wa opima malo m'Boma. Mapuwo amasonyeza pamene pali zikhomo za malire. M'maboma ambiri masitolo anamangidwa mothithikana, wina anaonjeza khonde, wina cipinda ca katundu kumbuyo, ndipo sicacilendo kupeza kuti khoma laloŵa m'malo a mnansi kapena m'malo osungidwira mseu. Kuitana wopima malo kuti aonetse zikhomo kumafuna ndalama, koma khoma limene khonsolo idzalamula kuti ligwetsedwe ndi lodula koposa.

Ku khonsolo kuli mafunso ena awiri. Loyamba ndi la msonkho wa nyumba umene khonsolo imatolera: kodi mwini wakale analipira wonse? Laciwiri ndi la nchito imene malowo analoledwa. Puloti iliyonse inaperekedwa ndi colinga, ina ya nyumba yogona, ina ya malonda, ina ya mafakitale. Munthu amene wagula nyumba yogona naiyesa golosale kapena cigayo ayenera kupempha cilolezo cosintha nchito ya malo monga mwa lamulo la mapulani a mizinda la 2015. Ngati m'sitolomo muli munthu wocita lendi, wogula adziwe kuti lamulo la 1971 limateteza amalonda ocita lendi, ndipo mwini nyumba wofuna kuwacotsa amayenera kuwapatsa cenjezo lolembedwa la miyezi yosacepera isanu ndi umodzi.

PANGANO NDI CILOLEZO

Zonse zikaoneka zoongoka, pamalembedwa pangano la malonda. Lamulo limafuna kuti malonda a nthaka akhale olembedwa ndi osainidwa. Maloya ambiri amatsata mfundo zimene kabungwe kao, Law Association of Zambia, kanakonza kuti zizitsogolera malonda a nyumba ndi malo. M'panganomo mumalembedwa maina a anthu awiriwo, nambala ya puloti, mtengo, tsiku lomaliza kulipira, ndi amene adzalipira ciliconse mwa zofunika. Mwambo wofala ndi wakuti wogula amayamba wapereka magawo 10 pa 100 a mtengo, ndipo zotsala amapereka pa tsiku lomaliza. Wogula wosamala amapempha kuti ndalama yoyambayo isungidwe ndi loya kufikira mapepala atakwanira. Angathenso kuika ciletso cace m'kaundula pangano likangosainidwa, kuti malowo asagulitsidwe kwa wina iye ali kudikira.

Ambiri amaopa maloya cifukwa ca mtengo, ndipo nzoona kuti malipiro ao si ocepa. Amakambirana molingana ndi mtengo wa malo ndi kukula kwa nchito, ndipo ndi bwino kumva mtengowo poyamba ndi kuulembetsa. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amagwiritsa nchito loya mmodzi, wa wogulitsa. Zinthu zikayenda bwino palibe cobvuta, koma mkangano ukabuka wogula amazindikira mocedwa kuti panalibe womuimira iye yekha.

Pambuyo pa pangano, wogulitsa amapempha cilolezo ca Boma. Ngakhale lamulo limachula Mtsogoleri wa Dziko, amene amasaina m'malo mwace ndi Komishinala wa za Malo. Pali ndalama yolipira pa pempho limeneli, ndipo cilolezo siciperekedwa ngati lendi ya nthaka ili ndi nkhongole. Eni masitolo ambiri a m'maboma akhala zaka zambiri osalipira lendiyi, ena osadziwa nkomwe kuti iliko, ndipo nkhongoleyo imatulukira pa tsiku logulitsa. Lamulo la 1995 linaikanso malire a nthawi: ngati papita masiku 45 cicokere pamene pempho linaperekedwa ndipo yankho palibe, cilolezo cimayesedwa kuti caperekedwa. Boma likakana, liyenera kupereka zifukwa, ndipo wodandaula angapite ku bwalo la milandu ya malo, Lands Tribunal.

MSONKHO WAUKULU

Ndalama yaikulu pa ulendo wonsewu ndi msonkho wa kusintha umwini wa katundu, umene unakhazikitsidwa ndi lamulo la 1984 ndipo masiku ano umatoleredwa ndi Zambia Revenue Authority. Msonkhowu wakhala ukukwera ndi kutsika. Mu 2014 unakwera kucoka pa magawo 5 kufika pa 10 pa 100, mu 2016 unabwerera pa 5, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2025 unaikidwa pa magawo 8 pa 100. Sitolo ya K500,000 imene mu 2024 ikadalipiridwa K25,000, pa mlingo watsopanowu msonkho wace ndi K40,000. Popeza mlingo umasintha ndi bajeti ya Boma, ndi nzeru kufunsa ku ofesi ya ZRA pangano lisanalembedwe.

Mwa lamulo, wolipira msonkhowu ndi wogulitsa. Koma pa msika zinthu zimayenda mwina. Wogulitsa wocenjera amauika m'kati mwa mtengo, wina amanena poyera kuti iye afuna ndalama yace yathunthu ndipo za msonkho aone wogula. Coipa koposa ndi pamene wogula wapereka ndalama zonse, wogulitsa wadya, ndipo pofika nthawi ya msonkho alibe kanthu m'thumba kapena wasamukira kutali. Popanda cikalata ca ZRA cosonyeza kuti msonkho walipiridwa, kaundula salandira mapepala, motero wogula amakakamizika kulipira yekha nkhongole ya mnzace. Njira yopewera zimenezi ndi yapafupi: panganolo linene kuti ndalama ya msonkho idzacotsedwa pa mtengo ndi kulipiridwa mwacindunji ku ZRA wogulitsa asanalandire zotsala. Onse awiri amafunika kukhala ndi nambala ya wolipira msonkho, imene anthu amaidziwa ndi dzina lakuti TPIN.

Pali ciyeso cimene cimabwera pamenepa. Wogulitsa amanong'oneza kuti pa mapepala alembe K200,000 m'malo mwa K500,000, kuti msonkho ucepe. Uku ndi kuphwanya lamulo, ndiponso kawirikawiri sikuthandiza, cifukwa ZRA simangidwa ndi mtengo wolembedwa. Msonkho umawerengedwa pa mtengo umene malowo akadagulidwa nao pa msika, ndipo akakayika amafuna lipoti la katswiri woyesa mitengo ya nyumba. Ndipo amene amaika khosi lace pa mpeni ndi wogula, pakuti malonda akadzasokonekera, khoti lidzawerenga pepala limene iye anasaina ndi dzanja lace, lonena kuti anapereka K200,000 yokha.

MASIKU OWERENGEKA

Cilolezo ndi cikalata ca msonkho zikapezeka, pamasainidwa cikalata cacikulu cimene cimasamutsa umwini, pamaso pa mboni. Wogula amapereka ndalama zotsala, wogulitsa amapereka taitolo yeniyeni, ndipo ili ndilo tsiku loyenera kulandira makiyi. Mapepala onsewa amapita ku kaundula pamodzi ndi ndalama ya kulembetsa, imene amalipira ndi wogula.

Apa lamulo la kaundula, limene linayamba kale mu 1914 nthawi ya atsamunda ndipo lakhala likukonzedwa, ndi louma mtima. Cikalata cimene casainidwa m'dera limene muli kaundula ciyenera kulembetsedwa pasanathe masiku 30. Cosainidwa kwina m'Zambia cili ndi masiku 90, ndipo cosainidwa kunja kwa dziko cili ndi caka cimodzi. Nthawi ikapitirira, cikalataco cimakhala copanda mphamvu, pokhapokha khoti litalola kuonjeza masiku, ndipo kupempha khoti ndi ndalama zinanso. Ndiponso anthu awiri akagula malo amodzi, lamulo limayang'ana tsiku limene mapepala analembetsedwa, kotero kuti amene anayamba kulipira koma nasunga mapepala m'sutukesi angapezeke ali kumbuyo kwa mnzace amene anafulumira ku kaundula. Mlimi amene wasaina mu Okutobala nanena kuti adzapita ku ofesi akatha kupalira, masiku 90 adzamuthera ali m'munda.

Mapepala akalandiridwa, kaundula amalemba dzina la mwini watsopano ndi kutulutsa taitolo m'dzina lace. Kudikira kumasiyana, ena masabata, ena miyezi, ndipo wogula amayenera kusunga malisiti onse ndi kufunsa kawirikawiri. Taitolo ikatuluka, lamulo limaiyesa umboni wokwanira wa umwini, umene sugwedezeka wamba pokhapokha patapezeka cinyengo kapena kulakwitsa pa kaperekedwe kace. Ndi pepala limeneli limene banki imalandira ngati cikole pamene mwini sitolo afuna nkhongole yoonjezera katundu.

Munthu akaŵerenga zonse pamodzi, pa mtengo wa sitolo pamaonjezeka ndalama ya kufufuza, ya wopima malo, ya loya, ya kulembetsa, mwina ya katswiri woyesa mtengo, ndi ya maulendo. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi mtunda woposa makilomita 500, ndipo wa ku Lundazi kapena ku Chama amayamba wayenda ulendo wina asanafike pa Chipata pomwepo. Amene waika ndalama zace zonse pa mtengo wa nyumba amapezeka kuti alibe cotsirizira mapepala, alibenso cogulira sopo ndi mcere zoika pa mashelefu.

MASITOLO A KUMIDZI

Zonse zanenedwazi zimakhudza malo amene ali kale ndi taitolo. Koma masitolo ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa ali pa nthaka ya mafumu, m'maiko a Kalonga Gawa Undi, Inkosi ya Makosi Mpezeni, Kalindawalo ndi mafumu ena. Kumeneko munthu amapatsidwa malo ndi nyakwawa, mfumu nibvomereza, ndipo lamulo la 1995 limazindikira umwini wotere. Wogula sitolo pa malo otere ayenera kudziwa kuti ku kaundula wa Boma kulibe buku limene dzina lace lidzalowa. Mphamvu yace ili pa kudziwika kwa nyakwawa, kwa mfumu ndi kwa anansi. Cifukwa cace malonda otere sayenera kucitikira m'mbali. Ayenera kufika kwa nyakwawa ndi ku bwalo la mfumu, abale a wogulitsa alipo, ndipo kalata ya mfumu isungidwe bwino.

Amene afuna taitolo pa nthaka ya mafumu ali ndi njira yace. Amayamba ndi cilolezo colembedwa ca mfumu ya dera limenelo. Pempho limapita ku khonsolo, imene imatuma anthu kukaona malowo ndi kutsimikiza kuti palibe wina amene adzalandidwa munda, msipu kapena njira ya ku madzi. Khonsolo ikabvomereza imatumiza mapepala kwa Komishinala wa za Malo, amene yekha ali ndi mphamvu yopereka malowo. Iye amatulutsa kalata yopereka malo, yonena ndalama zoyenera kulipira. Kalata imeneyi anthu ambiri amaiyesa taitolo, ndipo ena amagulitsa malo ali ndi iyo yokha m'manja, pamene taitolo imabwera pambuyo, malo atapimidwa ndi pangano litasainidwa. Mafumu ena amazengereza kusaina, ndipo ali ndi cifukwa: nthaka ikalowa m'buku la Boma, lamulo la 1995 silinaike njira yoibwezera ku ulamuliro wa mfumu.

Mwini taitolo watsopano amakhala ndi udindo umene analibe pa nthaka ya makolo. Lendi ya nthaka imayembekezeka caka ciliconse, msonkho wa khonsolo umabwera pa nthawi yace, ndipo zilolezo za malonda ndi zina zapadera. Akaphwanya mfundo za pangano lace ndi Boma, monga kusiya malo osamangapo kapena kusalipira lendi, Komishinala angamutumizire cenjezo la miyezi itatu kuti afotokoze cifukwa cimene malowo asalandidwire. Cenjezolo limapita ku adiresi imene ili m'mabuku a Unduna, ndipo ngati wogula sanalembetse dzina lace, kalatayo imapita kwa mwini wakale.